Kope Lowonda

1. Loweruka la ku galaja

Galaja ya bambo anga kulibenso masiku ano. Pamalo paja anamangapo sitolo ya matailosi, ndipo ndikamadutsa ndimayenda pang'onopang'ono kuti mwina fungo la oyilo wakale lindipeze. Silindipeza. Koma ndikatsinzina ndimaonabe zonse: denga la malata lodontha pakona, benchi yachitsulo, ndi thabwa lalitali pakhoma pamene masipanala ankalendewera pamisomali, kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu.

Bambo ankakonza magalimoto akale, aja amakaniko ena ankangowayang'ana n'kupukusa mutu. Kuseri kwa galaja kunali chigalimoto chobiriwira chopanda matayala, chimene mwini wake anachisiya ine ndisanabadwe ndipo sanabwerenso. Mmenemo ndimo munali ofesi yanga. Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pampando wa dalaivala, kope nditalitsamiritsa pachiwongolero, n'kumalemba.

Ndinkalemba khutu lili kunja. Bambo akaitana ali kunsi kwa galimoto kuti, "Hafu," kapena "Faifi eyiti," ndinkatsika n'kukatenga sipanalayo pathabwa osayang'ana n'komwe nambala yake. Ntchito imeneyi ndinaiyamba ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. N'chifukwa chake kusukulu dzina langa lenileni linkangomveka poitana kaundula. Ena onse ankanditcha Makaniko, ngakhale ndinali mtsikana wa Fomu 3 wodziwa kusita siketi yake bwinobwino.

Loweruka lililonse masana, akatseka geti, bambo ankasamba m'manja kawiri ndi sopo waufa wosakaniza ndi utuchi. Kenako ankakhala patayala n'kunena kuti, "Bweretsa kope la masamu." Ngakhale atasamba chotero, sankafuna kulikhudza ndi zala. Ankatembenuza masamba ndi kamtengo ka machesi.

Sukulu anaisiyira panjira, choncho za x ndi y sankazimva. Iwo ankangowerenga matiki ofiira a aphunzitsi, mokweza, kuti mnzawo wowotcherera zitsulo pafupi amve.

"Mukuona, achimwene? Injiniya ameneyu tsiku lina adzandilemba ntchito."

Ndinkawakonda kwambiri bambo pa nthawi imeneyo ya Loweruka, ndipo ndi nthawi yomweyo imene ndinkachita mantha kuposa masiku onse.

2. Chinsinsi cha m'chigalimoto

Zoona zake zinali izi. Masamu ankandizunguza mutu, ndipo mu Fomu 3 anafika pondikanika kotheratu. Ku Fomu 1 ndi 2 ndinkapulumukira pa mafunso a zojambula ndi oloweza pamtima, n'kudutsa chokwawa. Bambo akafunsa za malikisi ochepa a palipoti, ndinkati mayeso anavuta kalasi yonse. Ankakhulupirira, poti umboni woti mwana wawo amakhoza unali m'kope.

Umboniwo ndinkaukonza ndekha. Tsamba likabwera ndi mitanda yofiira, ndinkadikira ndifike m'chigalimoto muja, n'kuling'amba mosamala motsatira mawaya apakati. Tsamba la matiki ndinkalisiya. Ambiri mwa matikiwo anali a homuweki imene ndinkakopera kwa anzanga m'mawa belu lisanalire.

Amene anang'ambapo kope akudziwa vuto lake. Ukang'amba tsamba limodzi kutsogolo, linzake lakumbuyo limasololoka lokha, chifukwa awiriwo ndi pepala limodzi. Choncho ndikalakwa kamodzi, kope linkawonda kawiri.

Masamba ong'ambawo sindinkawataya. Ndinkawapinda n'kuwakanikiza m'kabokosi kosungiramo mapepala a galimoto, kutsogolo kwa mpando winawo. Musandifunse chifukwa chake. Mwina ndi magazi, poti bambo anga sankataya ngakhale nati yakutha.

3. Madamu Onetsani

Chaka chimenecho tinalandira mphunzitsi wa masamu watsopano, mayi wamfupi wa magalasi omangirira chingwe m'khosi. Tinkawatcha Madamu Onetsani, chifukwa nyimbo yawo ya tsiku ndi tsiku inali yakuti, "Onetsani njira." Yankho lokhoza lopanda njira ankalidula ngati lolakwa. Sankakwapula ndipo sankakuwa, koma akakuyang'ana pamwamba pa magalasi unkakumbukira machimo ako onse.

Lolemba lina analowa ndi mulu wa makope athu. Asanagawe analengeza kuti Lachisanu tilemba mayeso osefa. Pasukulu pathu Fomu 3 inali ndi makalasi awiri, ya sayansi ndi ina yopanda sayansi. Wopeza malikisi osafika 40 pa masamu ankanyamula desiki yake n'kusamukira kalasi inayo, ndipo kumeneko kunalibe njira yopita ku uinjiniya.

Kenako anayamba kugawa makope. Atafika pa langa anaima. Analiika pachikhatho n'kumalikweza ndi kulitsitsa, ngati munthu woyesa kulemera kwa nkhuku pamsika.

"Makaniko, kope lakoli likudwala chiyani?"

Kalasi inaseka.

"Tonse tinayamba ndi makope a masamba 80. Lako latsala ndi makumi atatu. Mitanda yanga yapita kuti? Ndikuikumbukira bwino, poti inandithera inki."

Anandiuza kuti nditsale anzanga akamatuluka, ndipo titatsala awiri anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana nane.

"Tamvera, mwana iwe. Zaka makumi awiri ndakhala ndikuphunzitsa masamu, ndipo sindinaonepo mwana wobadwa wopanda mutu wa masamu. Amene ndawaona ndi ana ophonya sitepe imodzi kalekale, n'kuchita manyazi kunena. Chaka chotsatira mphunzitsi amamanga pamwamba pa sitepe yosowayo, chinacho wina amamanganso, mpaka mwana amafika pano akungolendewera.

"Ine ndikalemba mtanda sindikukutukwana. Ndikuika chizindikiro kuti mawa ndidziwe pobwerera. Iwe ukang'amba tsambalo wandifufutira njira yokupezera. Ndimuthandiza bwanji munthu amene m'kope mwake amakhoza zonse? Ungathe kundinamiza ine, ungathe kunamiza a kunyumba, koma chaka chamawa kuli mayeso omaliza, ndipo pepala la kumeneko silibwerera m'manja mwako kuti uling'ambe.

"Lachitatu m'mawa ubwere ndi kholo lako, pamodzi ndi masamba onse amene akusowa. Apo ayi, Lachisanu sulemba nawo. Ungonyamuliratu desiki."

4. Bambo wobwereka

Mnzanga wapamtima tinkamutcha Chidule, chifukwa panalibe vuto limene iye sankalidziwira njira yachidule. Anandidikira pageti, ndipo nditamufotokozera anangoseka.

"Ndiye ukulilira chimenecho? Kholo si nkhani. Tiye."

Ananditengera kuseri kwa sukulu, pakhonde la sitolo ina pamene pankakhala wosoka nsapato, mkulu wa imvi zapatalipatali. Chidule anandinong'oneza kuti ameneyo wakhalapo bambo wa theka la sukulu, ndipo Madamu Onetsani, pokhala atsopano, sanamuonepo. Pamsomali panali jekete lapadera la ntchito yomweyi. Malipiro ake anali osavuta: nsapato zonse za kwanu zikang'ambika, zizibwera kwa iye.

"Mlandu ndi wotani?" anafunsa mkuluyo, maso ali pansapato imene ankasoka. "Kujomba, ndewu, kapena chibwenzi?"

"Masamu," anayankha Chidule.

"Wopepuka umenewo. Ukufuna bambo wolusa kapena womvetsa chisoni? Wolusa amathetsa nkhani msanga. Ndimayamba kuvula lamba, aphunzitsi amandigwira dzanja, basi tabwerako."

"Akufunanso masamba amene anang'amba m'kope," anatero Chidule. "Mukanene kuti anang'amba ndi mng'ono wake posewera. Ali naye kamtsikana kosamva, kolongolola ngati wailesi."

"Zimenezo n'zanga, musandiphunzitse ntchito. Tsono bambo ako enieni amatani? Aphunzitsi ena amafunsa."

"Ndi makaniko," ndinatero.

Mkuluyo anaika nsapato pansi n'kuyang'ana manja ake. "Ndiye manja ayenera kugwirizana ndi nkhani." Anatsegula kachitini ka polishi wakuda, natapa ndi msomali, n'kuyamba kupaka m'zikhadabo ndi m'mizere ya zikhatho. Atamaliza anavala jekete lija, natsokomola, n'kuyamba kuyeserera.

"Madamu, mwana uyu ine ndatopa naye. Mutu wake ndi mwala. Ndimangodzivuta kumutumiza kuno."

Chidule anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ine sindinaseke. Manja a bambo anga anada chifukwa cha zaka makumi atatu za kunsi kwa magalimoto, ndipo chala chawo chimodzi sichinkapindika chichiphwanyire jeke yokwezera galimoto. Kuona munthu akuwayerekeza ndi polishi kunandinyansa, ndipo ndinanyansidwa nane ndemwe. Komanso mawu amenewo bambo anali asanawanenepo chibadwire changa.

"Pepani, pukutani m'manjamo," ndinatero. "Sindikufunanso."

Chidule anandithamangira mpaka pamsewu. "Wapenga iwe? Bambo ako akakupha."

"Akandiphe eni akewo."

Ndinayankha molimba mtima n'kupitiriza ulendo wa kunyumba.

5. Bokosi la pansi pa benchi

Tsiku limenelo ndinalephera kuwauza bambo. Lachiwiri nditaweruka ndinalowa m'chigalimoto muja, ndinatsegula kabokosi, n'kutulutsa masamba onse a mitanda. Analipo makumi awiri ndi asanu. Ndinakawaika pabenchi, pamene bambo ankatsuka zitsulo m'beseni la palafini, ndipo ndinafotokoza zonse maso ali pansi. Za wosoka nsapato ndinanenanso.

Bambo anapitiriza kutsuka chitsulo chimodzi chomwecho, chimene chinali chitayera kale. Kenako analoza ndi phazi bokosi lamatabwa limene linkakhala pansi pa benchi.

"Muli chiyani umo?"

"Zitsulo zakutha, bambo."

"Ndimazisungiranji?"

Zaka zonsezo ndinali ndisanafunsepo.

"Khala apo ndikuuze. Munthu akabwera ndi galimoto yolira kutsogolo, ndikachotsa beyaring'i yakutha, sindiiponya kudzala. Ndimaitsuka n'kuiyang'ana padzuwa. Ikakhala kuti yadyeka mbali imodzi, ndimadziwa kuti vuto si iyo, pali china chopindika chimene chikuidya. Ndikangoika yatsopano osafufuza, pakatha mwezi munthu uja abweranso. Kapena sabweranso, chifukwa wagwera m'ngalande ndi ana ake. Ndiye ndimasunga chakuthacho, ndimamuonetsa mwini wake, tonse tione pamene padyeka.

"Alipo amakaniko ena amene amangopukuta injini kunja kuti iwale, mwini wake asangalale, m'kati muli momwemo. Anthu otere ine sindikhala nawo pansi. Lero ndamva kuti ndakhala ndikulera mmodzi m'nyumba mwanga."

Misozi inayamba kugwera pasiketi. Bambo sanandiletse.

"Kulephera masamu sindikukwiyira. Ine ndemwe ndinalephera zambiri, ndipo ndili moyo. Chandiwawa n'chakuti Loweruka lililonse ndimasamba m'manja kawiri kuti ndigwire bodza, n'kuitananso anzanga adzaone. Ukadapita kusukulu ndi bambo wa polishi uja, ukadakhala utandiika m'manda ndili moyo. Wachita bwino kubwerera.

"Koma nanenso ndili ndi mlandu, usaganize kuti ndi wako wekha. Ndinkawerenga matiki okha, ngati munthu wogula galimoto poona penti. Sindinakufunsepo tsiku ndi limodzi lomwe kuti, mwana wanga, chikukuvuta n'chiyani? Ndinakuveka uinjiniya pamaso pa anthu, iwe n'kusowa povulira."

Atatero anapukuta manja kamodzi kokha pa ovolosi, n'kutenga masamba aja ndi zala zawo. Anawawongola limodzilimodzi, nawasanja, n'kuwapsinja ndi batire yakufa kuti makwinya athe.

"Mawa tipitira limodzi," anatero, n'kubwerera kubeseni lawo.

6. Masipanala patebulo la aphunzitsi

Lachitatu bambo anavala malaya awo oyera, aja a ku maukwati ndi ku misonkhano. M'khwapa anapanira chikwama chachinsalu cha masipanala, chifukwa pochoka kusukulu ankapita kukadzutsa lole ina imene inafera panjira.

Madamu Onetsani anatilandira m'chipinda cha aphunzitsi. Bambo sanayambe ndi kupepesa kapena kukalipa. Anapempha tebulo, n'kuyala masamba aja motsatira madeti, monga ankayalira zitsulo za injini akaimasula. Awiriwo anawerama n'kumayang'ana, ine nditaima pakhomo ngati mlendo.

"Madamu, ine zalembedwazi sindizimva," anatero bambo patapita kanthawi. "Koma taonani. Paliponse pamene mwadula pali nambala yokwera pamwamba pa inzake. Apa ilipo, apa ilipo, apanso. Funso ili ilibe, ndipo mwamupatsa tiki. Chikudyeka mbali imodzi chinthuchi."

Madamu anavala magalasi bwinobwino n'kuyenda ndi chala tsamba ndi tsamba. Atafika kumapeto anagwedeza mutu.

"Mwaona bwino, bambo. Amenewa ndi mafulakishoni. Makaniko, sendera kuno."

Analemba papepala manambala awiri, 5/8 ndi 9/16.

"Yaikulu ndi iti?"

"9/16, madamu."

"Chifukwa?"

"Chifukwa 9 ndi wamkulu kuposa 5, ndipo 16 ndi wamkulu kuposa 8."

Bambo anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Anamasula chikwama chija n'kukhuthulira masipanala patebulo, aphunzitsi ena awiri amene ankachonga makope pakona n'kudzidzimuka.

"Iwe, ndili kunsi kwa galimoto. Naini sikisitini yakana kulowa pabawuti, yachepa. Umandipatsa iti?"

"Faifi eyiti," ndinayankha. Dzanja langa linali litaitola kale.

"Tsono yaikulu ndi iti?"

Ndinayang'ana sipanala ili m'manja mwanga, n'kuyang'ana pepala. Pachitsulopo panadindidwa 5/8, chimodzimodzi ndi zimene madamu analemba. Zaka khumi ndinkaigwira tsiku ndi tsiku, osadziwa kuti manambala a ku galaja ndi a m'kalasi ndi amodzi omwewo.

"Mafulakishoni unaphunzira liti?" anafunsa madamu.

"Sindinaphunzire. Ndili Sitandade 5 ndinathyoka mwendo, ndinagona kuchipatala miyezi iwiri. Pobwerera ndinapeza atamaliza. Aphunzitsi anafunsa ngati alipo amene sanamve, koma palibe anakweza dzanja, ndiye nanenso sindinakweze."

"Chaka cha mwendo chija," anatero bambo chapansipansi. "Ife tinkangothokoza kuti wayambanso kuyenda."

Madamu anatenga masipanala asanu n'kundiuza kuti ndiwandandike monga amakhalira pathabwa la ku galaja. Ndinaika 1/2, 9/16, 5/8, 11/16, 3/4. Kenako anajambula mzere woimira inchi imodzi, waukulu kuti uoneke, n'kuuduladula tizidutswa khumi ndi tisanu ndi kamodzi.

"Hafu ya mzerewu ndi tizidutswa tingati?"

Ndinawerenga. "Eyiti."

"Nanga 9/16?"

"Naini."

"Tsopano 5/8. Ukadula mzere womwewu magawo eyiti, gawo lililonse likutenga tizidutswa tiwiri. Magawo asanu ndi tingati?"

"Teni."

Zotsalazo ndinamaliza ndekha, leveni ndi thwelofu. Thabwa lonse la bambo linali kuwerenga wamba kwa mwana wa Sitandade 1, eyiti, naini, teni, kumangopita. Ndinamva chimwemwe chimene sindinachimvepo m'kalasi ya masamu, moti ndinaseka misozi ili m'maso.

"Musasangalale msanga nonse awiri," anatero madamu. "Tapeza pamene padyeka, monga mwanenera bambo, koma sitinakonze. Dzenje la zaka zisanu ndi chimodzi silikwiririka masiku awiri. Lachisanu alemba nawo, ndipo ndidzachonga pepala lake ngati la wina aliyense. Sindidzamuwonjezera ngakhale theka la malikisi chifukwa choti wanena zoona."

"Mukawonjezera ndidzabwera kudzachotsa ndekha," anayankha bambo akulongedza masipanala awo.

7. Desiki

Masana a Lachitatu ndi Lachinayi ndimawakumbukira kuposa masiku ambiri a ubwana wanga. Madamu anandipatsa mafunso makumi awiri. Sindinalowenso m'chigalimoto. Ndinakhala pabenchi, pansi pa thabwa la masipanala, ndipo bambo ankandiponyera mafunso awoawo ali kunsi kwa galimoto.

"Hafu kuphatikiza kota?"

"Fili kota."

"Kale ukadati chiyani?"

"Ziwiri pa sikisi."

"Sipanala imeneyo ukaipeza m'sitolo undigulireko," ankatero, ndipo mnzawo wowotcherera ankaseka kuseri kwa chigoba chake chakumaso.

Lachisanu ndinalemba. Mafunso ena anatseguka, ndipo koyamba ndinaonetsa njira yanga yonse, yokhota ndi yofufutafufuta momwemo. Koma pamene mafulakishoni anasakanikirana ndi x pansi pa mzere, mutu unaima. Mafunso atatu omaliza ndinawasiya osakhudza.

Lolemba madamu anawerenga malikisi motsatira kaundula. Chidule anapeza 44, ndipo mmene anawapezera ndi nkhani yake. Atafika pa dzina langa sanakweze mawu kapena kuwatsitsa.

"36."

Pa mayeso apitawo ndinapeza 13, koma zimenezo lamulo silinkazidziwa. Anaperewera anayi. Tinalipo asanu ndi awiri osafika pa 40, ndipo tinauzidwa kuti tisamuke nthawi yomweyo. Ndinatulutsa mabuku, ndinanyamula desiki yanga, n'kudutsa pakati pa anzanga amene ankayang'ana pansi. Chidule anafuna kundigwirira mbali imodzi koma ndinakana. Zinandiwawa kwambiri, makamaka poganiza kuti madzulo ndikawauza bambo.

Ndili pakati pa khonde ndinamva nsapato za madamu kumbuyo kwanga.

"Tsitsa kaye desikiyo."

Ndinatsitsa.

"36 ameneyu ndi wako yense, ndipo ine ndamuwerengera. Koma kalasi usamuka, lamulo ndi lamulo. Tsono tamvera. Ahedi amalola mwana mmodzi yekha kubwerera ku sayansi kumayambiriro kwa teremu yamawa, amene wapambana onse pa mayeso obwereza. Mulipo asanu ndi awiri, mpando ndi umodzi.

"Iwe vuto lako si la Fomu 3, ndipo ine ndilibe nthawi yobwerera nawe zaka zisanu ndi chimodzi. Kupulayimale kutsidya kwa msewuku kuli mnzanga amene amaphunzitsa Sitandade 5 masana. Mawa akuyamba mafulakishoni, kuyambira tsamba loyamba, kwa masabata anayi. Wavomera kuti uzikakhala nawo m'kalasi. Osati kumbuyo ngati woyendera sukulu, ayi. Pabenchi, ndi kope, kukweza dzanja ngati ena onse. Adzakuseka, ndipo nkhani idzafika kuno tsiku lomwelo. Ndikukuuziratu kuti usadzati sindinanene."

Ndinaganiza za yunifolomu yanga ya sekondale pakati pa tiana tosatha kupukuta mphuno. Kenako ndinakumbukira china.

"Madamu, Sitandade 5 ya masana ndi kalasi ya mng'ono wanga."

"Ndikudziwa. Mnzangayo akuti mng'ono wakoyo ndi amene amakhoza masamu kuposa onse, ndipo iwe akuika pabenchi yake." Anavula magalasi n'kuwasiya alendewere. "Mawa thu koloko. Ukapanda kupita sindidzakufunsa chifukwa, ndipo sindidzakupezeranso njira ina."

Anabwerera m'kalasi n'kutseka chitseko. Ine ndinatsala pakhonde ndi desiki yanga, kalasi yakale kumbuyo, yatsopano kutsogolo. Kutsidya kwa msewu belu la kupulayimale linalira, ana a m'mawa n'kutuluka akuthamanga, a masana akulowa, ndipo pa phokoso lonselo mawu amene ankamveka pamwamba pa onse anali a mng'ono wanga.